Kanema wa kuseli kwa nyumba: zomwe zinatikanika ndi momwe tinakonzera

Loweruka, 6 July 2024: kugula zipangizo

Nkhaniyi inayambira pa mkangano wa rimoti. Ana amafuna makatuni, alamu anga amati filimu yosaopsa ndi yogonetsa tulo, mayi a kunyumba amakonda zofufuza chigawenga, pomwe TV ndi imodzi, yaing'ononso. Ndinatopa kuweruza milandu usiku uliwonse. Ndinati basi, Loweruka lililonse tiziimika chinsalu kuseli kwa nyumba kuno ku Area 25, mtundu umodzi wa filimu pa sabata, ndipo aliyense azikhala pansi n'kuonera za mnzake mpaka kumapeto. Pakhomo sitilipiritsa. Oonera ndife a m'nyumba muno ndi mabanja atatu a mumpanda mwathu.

Pulojekita ndinaipeza pa Facebook, yogwirapo kale ntchito. Mwini wake anayambira pa K200,000, tinatherana pa K165,000. Nsalu yoyera ya mamita 2.5 ndinagula ku Bwalo la Njobvu pa K12,500. Matabwa anayi K14,000, misomali K2,500, akalipentala K8,000 kuti akhome felemu ya mamita 2 m'lifupi ndi mita 1.5 kutalika. Invata ya 300W inadya K45,000. Sipika tinali nayo kale, batire ya galimoto anabwereketsa alamu. Zonse pamodzi K247,000, ndipo mayi a kunyumba anangoti "tiona" n'kulowa kukhitchini.

Pa katoni ya pulojekita panalembedwa 1080P ndi zilembo zikuluzikulu. Nditawerenga kabuku ka m'kati ndinapeza kuti chithunzi chake chenicheni ndi cha timadontho 800 kwa 480. Imalandira fayilo ya 1080 inde, koma imaichepetsa. Musanapereke ndalama funsani nambala yeniyeniyo, osati ya pa katoni.

Loweruka, 13 July: katuni yoyesera

Tinayamba ndi Big Buck Bunny, kakatuni ka mphindi 10 ka mu 2008 komwe a Blender Foundation anakapereka kuti aliyense aonere ndi kuonetsa mwaulere. Mulibe mawu olankhula, choncho panalibe chomasulira. Kalulu wonenepa akuvutitsidwa ndi tinyama titatu tankhanza, kenako n'kubwezera. Ana anagubuduka pamkeka. Agogo a nyumba yachitatu, amene anabwera akunena kuti zidole n'za ana, ndi amene anapempha kuti tibwereze.

Pulojekita inafunika kukhala pafupifupi mamita 3 kuchokera pa nsalu kuti chithunzi chidzaze felemu. Koma nsaluyo inatichititsa manyazi. Kuwala kumadutsa n'kukagwera pa mpanda wa kumbuyo, moti theka la filimu amaonera ndi nkhuku za aneba. Mphepo ikaomba nkhope ya kalulu imatupa n'kuphwa. Makwinya a popinda nsalu anadula chithunzi pakati.

Ulendo wachiwiri mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 6, anandikoka malaya: "Adadi, taonani, asanadumphe amayamba wabwerera m'mbuyo." Ndinabweza pang'ono n'kuona kuti akunena zoona. Chilichonse chisanachitike, thupi limayamba lapita mbali ina, maso amatsogola, makutu amatsatira mochedwa. Ndaonera makatuni zaka zambiri ndili kalikiliki ndi foni, sindinazionepo zimenezi.

Mwezi unali theka usiku umenewu ndipo sunatisokoneze. Ndinaganiza kuti ndiye kuti pulojekita ndi yamphamvu. Ndinadzinamiza.

Lachitatu, 17 July: kukonza chinsalu

Nsalu tinaichapa, kuisita, n'kuikhoma pa felemu idakali yonyowa pang'ono kuti ikauma ikungike ngati ng'oma. Kumbuyo tinaikako pulasitiki yakuda yofolera nyumba, K4,000, ndi timisomali ta K2,000. Miyendo ya felemu tinaipsinja ndi njerwa. Kuwala kunasiya kuthawa.

Loweruka, 20 July: filimu yoopsa yomwe inaseketsa anthu

Tsiku la alamu. Iwo amafuna Night of the Living Dead ya mu 1968, ya anthu akufa odzuka n'kumayenda ngati ndondocha. Ndinaionera ndekha pa laputopu Lachinayi n'kuona kuti pabwalo pomwe ana amasuzumira pawindo siingatheke. Ndinasankha Nosferatu, ya ku Germany ya mu 1922, yomwe anaikonza F. W. Murnau. Ndi yopanda mawu, nkhani imayenda ndi zolembedwa pa sikirini ndi nyimbo. Ndinaitenga pa webusaiti ya Internet Archive.

Zonse zomwe zikanalakwika zinalakwika. Mwezi unali utatsala tsiku limodzi kuti ukhale wathunthu, ndipo dzuwa litangolowa unali utatuluka kale, n'kuwalira pa chinsalu penipeni. Katuni ya sabata yatha inapirira chifukwa mitundu yake ndi yowala. Filimu yoopsa imadalira mdima, ndipo pulojekita siiponya mdima: pomwe pakuyenera kuda, imangosiya nsalu momwe ilili. Nsalu yoyera pa mwezi ndi yotuwa. Ndiye chipinda chomwe chimayenera kukhala cha bii chinkaoneka ngati phala.

Magetsi anazima tisanayambe, tinalumikiza batire ndi invata. Sipika, yomwe ndinaisiya pa chaja, inayamba kung'ung'uza ngati njuchi zili m'chitini. Nyimbo ikatsika kuti mtima ugunde, chomwe chimamveka ndi njuchizo.

Chachitatu chinali kope lomwe ndinatenga. Linali lakuda ndi loyera basi. Pomwe Orlok, wopopa magazi wa m'filimuyi, akuyenda mumsewu atanyamula bokosi lake la maliro kukhwapa, kunja kukuoneka kowala ngati 10 koloko m'mawa. Mnyamata wa aneba anafuula kuti, "Akusamuka, lendi yawakanika!" Bwalo lonse linafa ndi phwete. Alamu anakwiya. Patapita mphindi 50 invata inalira, batire yatha, nkhani n'kuthera panjira.

Tikupinda mikeka agogo aja anandiitanira pambali. Kwawo ndi ku Mulanje. Anati, "Bambo, za opopa magazi musamazitenge ngati masewera. Ife 2017 tinagona panja." Amanena za mphekesera za anamapopa zomwe zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo chaka chimenecho, anthu osalakwa mpaka kuphedwa pongowaganizira. Ndinalibe choyankha. Ine ndinasankha filimuyo poona kuti ndi yakale ndiponso mulibe magazi ambiri, osaganiza kuti pamkeka pali munthu amene mawu oti "wopopa magazi" amamukumbutsa usiku weniweni. Ndinawapepesa. Anati tisasiye, koma tizinena tisanayambe kuti muli zotani, wofuna kukagona akagone.

Loweruka, 27 July: palibe kanema, kukonza kokhakokha

Batire ya galimoto inapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, osati kuyatsa chinthu maola awiri, komanso ya alamuyi inali yotopa kale. Ndinagula batire ya sola ya 12V 50Ah pa K140,000. Apa m'pamene mayi a kunyumba anafunsa ngati pulojekitayi izidzaphikanso ndiwo. Masamu ake ndi awa: 12 kuchulukitsa ndi 50 ndi 600Wh, koma batire yotere siifuna kutsitsidwa kupyola theka, ndiye zotsala ndi 300Wh. Pulojekita yathu imadya pafupifupi 60W, invata nayo imadyako zake. Maola atatu ndi theka tikhoza kufika osaipweteka.

Njuchi za mu sipika zimachokera ku invata. Mainvata otchipa satulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma, ndipo phokosolo limalowera pa chaja. Mankhwala ake ndi aulere: kutchaja sipika masana, usiku iziyendera batire yake, osailumikiza ku invata. Bluetooth tinaisiyanso chifukwa mawu amachedwa pang'ono kufika. Waya wa mamita 5 wochoka ku pulojekita kupita ku sipika, K3,500. Sipikayo ndinaichotsa pambali pa pulojekita n'kuiika pansi pa chinsalu, kuti mawu azichokera komwe kuli nkhope, komanso atalikirane ndi kafani ka pulojekita.

Za kuwala kwa masana kuja ndinazimvetsa nditafufuza. Makamera a nthawi imeneyo sankatha kujambula bwino usiku, ndiye ankajambula masana, kenako filimuyo ankainyika mu utoto: wobiriwira ngati thambo kusonyeza usiku, wachikasu kusonyeza masana kapena kuwala kwa kandulo. Makope ambiri omwe amayendayenda anataya utotowo. Ndinafunafuna mpaka kupeza kope la utoto. Bandulo ya mwezi uno yonse, K15,000, yathera pa mafilimu.

Ndatsegulanso kalendala ya mwezi pafoni. Zoopsa tiziika sabata yomwe mwezi uli kumdima. Lona ya galimoto tabwereka yotchinga mbali ya kum'mawa.

Loweruka, 3 August: Nosferatu kachiwiri

Kunja kunali bii. Ana tinawaonetsa kalulu wawo 6 koloko n'kuwalowetsa m'nyumba, makatani otseka. Ndisanayatse ndinaimirira n'kufotokoza: filimuyi ili ndi zaka 102, wopopa magazi wake ndi wa m'buku, wosewerayo dzina lake Max Schreck, ndipo mukaona chithunzi chabiriwira dziwani kuti kwada. Ndinawauzanso kuti inatsala pang'ono kutheratu, chifukwa mkazi wamasiye wa Bram Stoker, mlembi wa Dracula, anasumira oipanga kuti anaba nkhani ya mwamuna wake, khoti n'kulamula kuti makope awonongedwe. Ena anapulumuka. Agogo anakhala, koma kumbuyo, pafupi ndi mbaula.

Zolembedwa za pa sikirini ndinkawerenga ndine m'Chichewa, motsitsa mawu. Poyamba anthu ankasekabe kayendedwe ka osewera, kotukula manja ndi kutong'ola maso. Kuseka kunayamba kuchepa pa gawo la sitima ya pamadzi yomwe yanyamula Orlok, makoswe akutuluka m'mabokosi a dothi, amalinyero akutha mmodzimmodzi. Pomwe Orlok akudzuka m'bokosi ali chiwongokere ngati thabwa, wina anagwetsa kapu.

Koma pomwe panagwira anthu ndi pa masitepe, chakumapeto. Munthuyo saoneka n'komwe. Chimangooneka ndi chithunzithunzi chake pakhoma, msana wopindika, zala zazitali zikutambasukira ku chitseko. Pabwalo panali zii, kumangomveka makala akuthetheka. Galu wa aneba anasankha nthawi yomweyo kudutsa kuseli kwa chinsalu n'kukhudza pulasitiki, ndipo alamu anga, katswiri wa zoopsa, anapezeka ali chilili pakhonde.

Masabata awiri apitawo chithunzithunzi chomwechi sichikanaoneka, chikanasungunuka mu phala lija. Alamu anavomera mawa lake kuti mafilimu omwe amaonera pafoni amawadzidzimutsa ndi phokoso kenako n'kuiwala, koma uyu anawatsatira mpaka kubafa. Agogo ndemanga yawo inali ina. Anati chomwe chinawaopsa si mano aja, koma pomwe anthu a m'tauni, mliri utawazunguza, anayamba kuthamangitsa munthu mmodzi ndi miyala.

Batire inatsala ndi mphamvu. Udzudzu ndi tizilombo touluka tinadzaza pa galasi la pulojekita, sabata yamawa tiyatsa koyilo.

Loweruka, 10 August: wofufuza wopanda mawu, womasulira wolongolola

Tsiku la mayi a kunyumba. Terror by Night, ya mu 1946, Basil Rathbone akusewera wofufuza milandu Sherlock Holmes, Nigel Bruce ngati mnzake Watson. Ndi ya ola limodzi, ndipo pafupifupi yonse imachitikira m'sitima ya pamtunda yochoka ku London kupita ku Edinburgh. Mwala wa dayamondi wabedwa, munthu waphedwa, wolakwa ali m'bogi momwemo.

Ndinaika fulashi, chithunzi chinabwera, mawu ayi. Pa laputopu imalankhula bwinobwino. Vuto linali mtundu wa mawu a m'fayilo, AC3, womwe mapulojekita otchipa ambiri sawerenga. Tinathamangitsa mwana kukatenga laputopu ndi waya wa HDMI, mphindi 25 zinapita. Kuyambira pano fayilo iliyonse ndiziidutsitsa mu pulogalamu ya HandBrake n'kusintha mawu kukhala AAC, kenako kuiyesa pa pulojekita penipenipo Lachisanu. Mukumbukirenso kuti fulashi ya FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB.

Mawu atabwera panabuka lina. Katuni ija inalibe chomasulira, Nosferatu inali ndi mizere yowerengeka. Iyi ndi kulankhula kokhakokha, Chingerezi cha ku England chothamanga, ndipo mfundo yomwe ingakuthandize kugwira chigawenga imadutsa m'chiganizo chimodzi. Mawu olembedwa pansi, pa 480 paja, amaoneka ngati nyerere. Alamu anadzipereka kumasulira monga amachitira anyamata a mafilimu a Chichewa a m'mavidiyo sho. Anaionera kale masana kuti akonzekere, ndipo apo m'pomwe panalakwika. Anayamba bwino, nthabwala zili apo. Dzina la mwalawo, Star of Rhodesia, litatchulidwa, agogo anatikumbutsa za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, tinaimitsa kaye kuti amalize. Koma munthu wina atangolowa m'chithunzi, alamu anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Eee, bambo awa muwaonetsetse bwino." Filimu inathera pomwepo ngakhale inapitirira mphindi zina 40. Mayi a kunyumba sanawalankhule mpaka Lolemba.

Lamulo latsopano: womasulira asaonere mphindi 20 zomaliza, ndipo amasulire zonenedwa zokha. Nthabwala azisungira makatuni.

Loweruka, 17 August: mwezi wowala, tabwerera ku katuni

Mwezi unali pafupi kudzaza, ndiye tinaika The Adventures of Prince Achmed pa DVD yobwereka kwa mnzanga wophunzitsa zojambula. Ndi ya mu 1926, ya mayi wa ku Germany Lotte Reiniger, ndipo mwa makatuni aatali omwe alipobe lero iyi ndiye yakale kuposa onse. Anthu ake ndi zidutswa zakuda zodula ndi sizasi, zolumikiza m'mfundo, zoyala pa galasi lowala kunsi n'kumazisuntha pang'onopang'ono. Inamutengera zaka zitatu. Chakuda pa chowala chimaoneka ngakhale pa mwezi, lona ija inathandizanso.

Ndinkaopa kuti ana atopa, poti mulibe mitundu yambiri ngati ya kalulu uja. Anakhala chete ola lathunthu. Nkhope zilibe maso ooneka, koma umadziwa kuti uyu wachita mantha, uyu akunyenga, poona khosi ndi zala basi. Alamu anati zala za mfiti ya m'menemo zikufanana ndi za pa masitepe zija. Sindinaganizepo kuti katuni ndi filimu yoopsa zingakumane pa chithunzithunzi.

Itatha, funso la ana linali limodzi: ifenso tingapange?

19 mpaka 24 August: katuni yathu

Sukulu ndi yotseka, ndiye ntchito inapezeka. Makatoni a sopo, penti yakuda yotsala, ulusi wolumikizira miyendo, pepala loyera lopyapyala, zonse K4,000. Galasi tinachotsa pa kabati. Tinaliika pa mipando iwiri, tochi pansi, foni pamwamba yomangirira ku thabwa ndi malegeni. Pulogalamu ndi Stop Motion Studio. Nthano anasankha okha, ya Kalulu ndi Njovu.

Kanema wamba amayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ife tinasankha 12. Ndiye masekondi 20 ndi zithunzi 240, chilichonse usunthe mwendo pang'ono, uchotse dzanja, ujambule. Tsiku loyamba tinajambulira pakhonde, dzuwa likusuntha, zotsatira zake zinkaphethira ngati babu yofuna kupsa. Tinasamukira m'chipinda, bulangeti pawindo. Tsiku lachiwiri aliyense akadina foni imagwedezeka, Njovu n'kumanjenjemera ngati ili ndi malungo. Tinagwiritsa ntchito batani la pa waya wa mahedifoni kuti foni isakhudzidwe. Tsiku lachitatu chitamba chinaduka pa chithunzi cha 170, ndipo mng'ono wake wa mwana wanga wamkazi uja analira ngati kwagwa maliro. Tinasoka, tinabwerera pa 150.

Loweruka tinaionetsa. Masiku asanu a ntchito, masekondi 22. Tinaibwereza kasanu ndi kawiri. Kalulu asanadumphe amayamba wabwerera m'mbuyo, mwana wanga wamkazi uja anaonetsetsa zimenezo. Kenako mtsikanayo anatenga pensulo kuwerengera kuti mayi Reiniger anajambula zithunzi zingati pa ola lathunthu, anafika pakati n'kungoti, "Mayi ameneyo analibe ntchito zapakhomo?"

Loweruka, 31 August: kuyesanso zofufuza

Dressed to Kill, ya mu 1946, Rathbone yemweyo. Fayilo inayesedwa Lachisanu. Womasulira anali mayi a kunyumba, omwe anaonera theka lokha. Ndinakonza makapu asanu ndi njere za chimanga kuti tikaimitsa filimu chakumapeto aliyense aponye njere pa yemwe akumuganizira.

Makapuwo sanagwire ntchito. Filimuyi imakuonetsa zigawenga poyera kuyambira koyambirira. Chobisika si munthu, koma uthenga: timabokosi titatu toimba nyimbo, topangidwa ndi mkaidi kundende ya Dartmoor, tomwe anthu akuphana chifukwa cha ito ngakhale ndi totchipa. Ndinasankha osaionera, poopa kuchita za alamu. Tinasintha funso pomwepo, n'kukhala lakuti: m'timabokosimo muli chiyani?

Apa ndalama ya waya ija inabwerera. Yankho lili m'nyimbo, ndipo sipika ikanakhala ikung'ung'uza palibe akanamva kanthu. Mayi wa nyumba yachiwiri, amene amaimba kwaya, anaimika dzanja kabokosi kena kakulira: "Tabwezani. Sikakuimba ngati koyamba kaja." Tinabweza kawiri. Enafe sitinamve kusiyana kulikonse, iwo anaumirira, ndipo patapita mphindi zochepa Holmes ananena zomwezo. Anaombera m'manja okha. Alamu anakhala chete filimu yonse, atatsekera pakamwa ndi chipewa.

Lamlungu, 1 September: ndalama ndi zotsala

Zonse zafika K415,500, osawerengera makala, koyilo ndi mbuliwuli. Pakona ya kumanzere kwa chithunzi pabwera kadontho kakuda komwe sikachoka ndikapukuta galasi, ndiye kuti fumbi lalowa m'kati. Ndisanatsegule ndifunse kaye amene amakonza mafoni pamsika ngati ali ndi kopopera mpweya. Lona eni ake akuifuna Lachitatu. Felemu yayamba kupindika mwendo umodzi, ndipo mvula isanayambe tiyenera kupeza poisunga, chifukwa pakhomo la nyumba siilowa: akalipentala anayeza chinsalu, chitseko sanayeze.

Loweruka likubwerali mwezi ukhala waung'ono ndipo ulowa msanga, ndiye ndi tsiku la zoopsa. Agogo atumiza mdzukulu kudzafunsa ngati muli opopa magazi. Ndayankha kuti mulibe. Abweza uthenga woti tiwasungire malo kutsogolo.